Chifuwa cha Bwana

Ndimakonza masikelo. A m'magolosale, a m'mabutchala, a anthu ogula zitsulo zakutha. Sikelo siyenda. Woyenda ndine. Moyo wanga unali chikwama, basi, ndi zipinda zogona alendo. Sabata ino tauni iyi, yamawa ina. Ndikakhala malo amodzi masiku anayi, mapazi ankayamba kuyabwa.

Ndili ndi mwana mmodzi, wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndimamuitana kuti Bwana. Anayamba kulamula asanayambe kuyenda. Mayi ake anamwalira iye akuyamwabe. Anamulera ndi achemwali anga, amene ndinawaponda pamutu. Iwo sanaonepo mwana wawowawo. Ine ndinabereka n'kukwera basi.

Achemwali amakhala m'nyumba yalendi ya zipinda ziwiri, m'mphepete mwa msewu wodutsa malole. Chipinda chakumaso ndi saluni: galasi lalikulu, mipando iwiri, chowumitsira tsitsi, katebulo kokonzerapo zikhadabo. Chamkati n'chogona. Mvula ikamagwa amaphikiranso momwemo, pa sitovu ya parafini. Pakati panalibe chitseko. Panali katani. Kuseri kwa kataniyo, bedi la Bwana.

Anayamba kutsokomola ali ndi zaka zinayi. Osati chifuwa cha chimfine. Chouma, chosatha. Akamapuma, m'chifuwa munkalira ngati chitseko chosowa mafuta. Akathamanga pang'ono ankakhala pansi, mapewa m'mwamba, kukamwa yasa. Mankhwala a m'botolo anamwa a mitundu yonse. Ofiira, achikasu, akuda. Palibe chinasintha.

Koma panali chinthu chimodzi. Sukulu ikatsekera, ndinkamutenga paulendo. Tsiku loyamba ankatsokomola m'basi mpaka anthu kutembenuka. Lachiwiri, pang'ono. Lachitatu, zii. Ankathamanga m'misika, kukwera masitepe awiriawiri, kudya mbale yake ndi theka la yanga. Tikabwerera kwa azakhali ake, masiku awiri okha. Chifuwa chija n'kuyambiranso pomwe chinasiyira.

Anamasulira nkhaniyi ndi kasitomala wina wa achemwali, mayi wojintcha amene onse ankamutcha Mawigi. Mutu uli m'chowumitsira, analankhula mokweza monga amachitira anthu osadzimva.

"Mwanayu mukungomuvutitsa ndi mankhwala. Sakudwala. Akusowa bambo ake."

"Eya," anavomera wina, zala zili zoviikidwa m'kambale. "Mwana wamkazi ndi bambo. Magazi amenewo."

Nkhani inakhazikika. Oyandikana nawo anaidziwa. Aphunzitsi anaidziwa. Ndisabise, inandikomera. Munthu wosakhala pakhomo, wosadziwa nambala ya nsapato ya mwana wako, n'kuuzidwa kuti mankhwala ndiwe. Ndinkaifotokoza m'mabasi kwa anthu osawadziwa.

Achemwali sinawakomere.

"Alendo afika," ankatero ndikamalowa. Limenelo ndilo linali dzina langa pakhomopo. "Bwana, dokotala wako uyo. Ine ndine wochapa chabe."

"Achemwali, musatero."

"Nditani nanga? Kusanza asanzire ine, kuchira achirire iwe."

Sindinkabwera chimanjamanja. Munthu woyenda amaona zinthu. Achemwali anadandaula kuti fumbi la malole ndilo likumutsokomoletsa mwana. Ulendo wotsatira ndinabwera ndi malamba a siponji omata. Ndinamata mazenera onse atatu, kampata kalikonse. Timabowo ta mpweya ta pamwamba pa khoma ndinatitseka ndi makatoni ndi pulasitiki. Kunsi kwa chitseko ndinakhomera labala. Ntchito ya tinthu ting'onoting'ono ndimaidziwa. Nditamaliza ndinayatsa machesi pafupi ndi zenera, kunja kukuwomba mphepo. Lawi silinagwedere. Ndinadziyamikira ndekha.

Kenako fungo la saluni linayamba kukhalitsa m'nyumba. Ndinabweretsa kamakina kokoleka pakhoma, kopopera kokha fungo la maluwa mphindi khumi ndi zisanu zilizonse. Psii. Makasitomala anakakonda. Ndinabweretsa timibulu toyera tothamangitsa njenjete ndi mphemvu, achemwali n'kutiika m'sutikesi ya zovala za Bwana. Makoyilo a udzudzu, katoni yathunthu. Mankhwala opopera tizilombo a m'chitini chachitali, cholembedwa chilankhulo chomwe tonse sitinkachidziwa. Mwana akatsokomola kwambiri, achemwali ankati m'nyumba muli majeremusi. Ankakolopa ndi bulichi m'mawa ndi madzulo, chitseko chili chitsekere kuopa kuti mwana angazizidwe.

Tinkamusamala. Palibe anganene kuti sitinkamusamala.

Loweruka lina ndinatsika basi masana. Ndinatsegula chitseko. Mpweya unandimenya kumaso ngati ndatsegula uvuni. M'saluni munali akazi asanu ndi mmodzi okonzekera ukwati. Awiri mitu ili mbuu ndi mankhwala owongola tsitsi. Wina akumatidwa zikhadabo. Wina akupoperedwa. Maso anga anayamba kulengeza misozi. Sizinali zachilendo. Nthawi zonse ndikalowa zinkatero, n'kusiya pakapita kanthawi.

"Alendo afika. Tsekani chitseko, fumbi."

"Bwana ali kuti?"

"Akujambula mkatimo."

Ndinakankha katani. Sankajambula. Anali atagwada pansi, manja pabedi, mutu utagwa. Sankatsokomola n'komwe. Khungu la pakhosi linkalowa mkati akamakoka mpweya. Milomo inali itatuwa. Anandiyang'ana.

Ndinamunyamula. Achemwali anathamanga pambuyo panga, magolovesi ali chivalire. Akazi aja anatsala akudandaula kuti mitu ikupsa.

Kuchipatala anamuveka chophimba kumphuno ndi kukamwa, makina akutulutsa nthunzi. Patapita ola, mapewa anatsika. Anagona.

Dokotala anali bambo wachikulire, wowonda, magalasi ake omangidwa ndi waya. Munthu wotopa. Anafunsa kuti zinayamba liti, zimakula nthawi yanji, wamwapo chiyani. Ankayankha ndi achemwali. Ndiye ine ndinaponyapo changa chija.

"Adokotala, chodabwitsa n'chakuti akakhala ndi ine sadwala."

"Akakhala ndi inu kuti?"

"Paulendo. Ndimayendayenda."

"Mumagona motani?"

"M'zipinda za alendo. Zotchipa."

"Mazenera ake?"

Ndinaseka. "Mazenera? Ambiri alibe n'galasi lomwe."

"Masana amakhala kuti?"

"Panja. M'misika."

Analemba. Sanadzutse mutu.

"Anthu amati amandisowa," ndinatero.

"Mwina amakusowani. Koma chomwe chimamuchiza ndi zenera losweka. Mukanamukweza basi ndi kondakitala yekha, akanachiranso."

Achemwali anatulutsa kamawu m'mphuno. Anali akuseka. Dokotala anatembenukira kwa iwo, n'kuyang'ana magolovesi aja.

"Mayi, mumagwira ntchito yanji?"

"Saluni."

"Ili kuti?"

"Kunyumba."

"Mwana amagona kutali bwanji ndi pomwe mumagwirira?"

Kuseka kunatha.

"Agona kuno mpaka Lolemba. Pobwera kudzamutenga mubweretse chilichonse chonunkha kapena chonunkhira m'nyumba mwanu. Musasankhe."

Tinadzaza zikwama ziwiri. Lolemba dokotala anakhuthulira zonse patebulo lake. Anati tipatule: za ntchito uku, zinazo uko. Mulu wa achemwali unali mankhwala a tsitsi, guluu wa zikhadabo, ochotsera polishi, zopopera m'mutu, bulichi. Mulu winawo unali waukulupo.

"Izi anagula ndani?"

"Alendo," anatero achemwali.

"Alendo ake ati?"

"Awa."

Dokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anatola kamakina kanga ka maluwa. Kanamupopera pamkono. Psii. Anachotsa mabatire n'kukaika pansi.

"Mwanayu ali ndi mphumu. Sindikunena kuti munamupatsa ndinu. Koma mukuidyetsa m'mawa, masana, madzulo. Chimodzi cha izi, m'nyumba yopita mphepo, munthu wamkulu amapirira. Zonsezi pamodzi, kuwonjezera utsi wa parafini, pa chifuwa chaching'ono chotero. Mazenera mumatsegula?"

"Ndi omata," anatero achemwali.

"Anamata ndani?"

Achemwali anandiyang'ana. Dokotala sanafunsenso.

Anatsegula botolo la ochotsera polishi. Fungo linafika mpaka pomwe ndinaima. Analiika pansi pa mphuno ya achemwali.

"Mukumva chiyani?"

"Palibe."

"Kuyambira liti?"

"Papita zaka."

"Ndiye mukamakolopa mumathira mpaka mumve kuti mwayera?"

Achemwali anayang'ana manja awo. Osenda, ong'aluka m'zala. Nawonso ankatsokomola m'mawa uliwonse. Ankati ndi ukalamba. Zaka makumi anayi ndi chimodzi.

Tinayambana pakhonde la chipatala, motsitsa mawu, Bwana akumangidwa nsapato ndi nesi.

"Unatitsekera m'botolo iwe."

"Munati fumbi."

"Ndinati fumbi. Sindinati utikwirire."

"Nanga mankhwala anuwo? Mwana n'kumagona ndi guluu?"

"Guluu ameneyo ndiye wamuveka. Ndiye wamudyetsa. Iwe unali kuti? Ukuyeza nyama za eni ake."

"Ndinkabwera."

"Unkabwera, eya. Ndi mphatso."

Tsiku lomwelo ndinamatula zonse. Siponji inakana kuchoka, ndinaipala ndi mpeni. Ntchito yanga inali yabwino, ndinatha tsiku lonse ndikuiwononga. M'makatoni a m'timabowo munali mutamera nkhungu yakuda. Mphatso zanga ndinakataya kudzala. Mazenera tinatsegula.

Fumbi linalowa. Linamatirira pa zikhadabo zosauma. Linatera pa mitu yonyowa.

"Ndabwera kudzakongola kapena kudzazira?" anatero Mawigi, akupukuta nkhope. "Dokotala ameneyo ali ndi mkazi? Amakonzetsa kuti tsitsi, pamtunda?"

Achemwali anayesa kutulutsa katebulo ka zikhadabo pakhonde. Mwini nyumba anakana. Khonde ndi la anthu onse. Ndinachotsa katani n'kukhoma chitseko cha matabwa. Koma khoma la pakati silifika kudenga. Fungo linkangodumpha. Sitovu inatuluka panja, bulichi anachepa. Mankhwala a tsitsi ndi guluu sakanachepa. Imeneyo ndiyo ntchito.

Ndinakhala masabata atatu osakwera basi. Ndinkagona pansi m'saluni, mutu ukuwawa. Foni inkalira. Sikelo ya uje yafa, ya uje ikunama. Bwana anali ndi kopopera m'kamwa kochokera kuchipatala. Kankathandiza. Koma Loweruka lililonse, saluni ikadzaza, chifuwa chinkayambanso kulira. Loweruka lachitatu tinabwerera kuchipatala, pa makina omwe aja.

Dokotala sanatipatse ngakhale mpando.

"Ndinene bwanji kuti mumve? Kaya ichoke saluni, kaya achoke mwana. Tsiku lina mudzafika naye kuno mochedwa."

Pobwerera, Bwana anagona pamsana pa achemwali. Wamkulu kale, miyendo ikulendewera mpaka m'maondo. Ndinati ndiwalandire. Anakana.

Saluni sikanachoka. Ilibe kopita. Popanda iyo achemwali alibe nyumba, alibe chakudya. Tonse tinkadziwa. Tinayenda mpaka pamphambano.

"Pali sukulu zogonera komweko," ndinatero.

Anaima. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Zaka zisanu ndi ziwiri. Wa mphumu. Bwereza ndimve."

Sindinabwereze.

"Mtenge," anatero. "Koma umutengere kunyumba, osati kubasi. Usiye kuyendaku. Ukamusiya kwa anthu tsiku limodzi lokha, ndidzamva."

Ndinapeza chipinda kumbali ina ya tauni, pamwamba pa sitolo yogulitsa mawaya ndi mababu. Mazenera awiri oyang'anizana. Ndinasankha chifukwa cha mazenerawo, china chilichonse chinali choipa. Ntchito ndinaipeza m'sitolo ya zipangizo zomangira. Anandipatsa benchi pakona. Ndimadula makiyi. Masikelo ndimakonza okhawo obwera okha, ndipo ndi ochepa.

Zovala za Bwana achemwali anazichapa katatu, n'kuziyanika masiku awiri, kuti fungo la timibulu tija lichoke. Tsiku losamuka anandisonyeza diresi pamphuno.

"Nunkhiza. Ine mphuno inafa."

Ndinanunkhiza. "Zatha."

"Usandinamize."

"Zatsala pang'ono."

Analibwezera m'beseni. Linabwera pambuyo pake, lokha, m'pepala.

Achemwali anamuuza Bwana kuti akupita kutchuthi. Anafunsa kuti tikwera basi iti. Tinakwera minibasi, mphindi makumi awiri. Atalowa m'chipindamo anayang'ana bedi, mazenera, mbale ziwiri. Anamvetsa. Ndi mwana wanzeru.

Chifuwa chinakhala chete. Sabata yoyamba, pang'ono. Yachiwiri, zii. Kopopera kaja kankangokhala m'chikwama cha sukulu. M'mawa ndinkaima pambali pa bedi lake kumvetsera. Palibe kulira. Mpweya kulowa, kutuluka, ngati wa munthu aliyense.

Koma anasiya kulamula. Anayamba kundipatsa ulemu.

"Bwana, udya chiyani?"

"Chilichonse, bambo."

"Ndikumange tsitsi?"

"Azakhali samanga choncho."

"Amamanga bwanji?"

"Basi, zilekeni."

Ankapita kusukulu mutu uli ngati chisa chogwa mumtengo. Ndinkadziwa. Zala zanga zimakhoza kasipuling'i kochepa ngati njere, koma tsitsi linandikana.

Achemwali anabwera kawiri. Anakhala pampando ngati mlendo, chikwama pamwendo. Anamuluka Bwana tsitsi, n'kuyang'ana m'mapoto mwanga. Ulendo wachiwiri Bwana anawagwira siketi mpaka pa siteji. Tinachita kumumatula zala chimodzichimodzi. Atatero, achemwali anandiimbira foni.

"Ndisabwere kaye. Azolowere."

"Akufunsa za inu tsiku lililonse."

"Ndiye umuyankhe. Si ndiwe bambo ake?"

Mwezi unatha. Ine ndinkakhala pa benchi yanga. Chitseko chomwecho, msewu womwewo, anthu otaya makiyi. Mwini sitolo ankati ndimayang'ana panja kwambiri.

Lachitatu lina masana ndinapita kukamutenga kusukulu. Anatuluka ndi anzake. Anandiona pageti. Anaima. Anavula chikwama n'kuchiika pansi bwinobwino. Kenako anathamanga. Osati kubwera kwa ine. Kulowera kwina.

Ndinatola chikwama n'kumutsatira. Ndinkati atopa pakona. Sanatope. Anadutsa pamsika, pakati pa ogulitsa zovala. Anadutsa pa maloboti, galimoto zikuliza mahutala. Ndinamuitana. Sanacheuke. Pamlatho ine mpweya unandithera. Ndinagwira chitsulo, m'nthiti mukubaya. Iye anali kale pachitunda, kadiresi ka sukulu kakuchepera. Njira ankaidziwa. Anaiwerenga pa zenera la minibasi tsiku limodzi lija.

Nditafika, anali akumenya chitseko cha saluni ndi manja onse. Achemwali anatsegula pang'ono. Atamuona anatuluka msanga n'kukoka chitseko kumbuyo kwawo. Anavula magolovesi, kuwaponya pansi, n'kupukuta manja pa epuloni. Kenako anavulanso epuloniyo, n'kuiponya kutali.

"Wachokera kuti?"

"Kusukulu."

"Pa chiyani?"

"Ndathamanga."

"Mtunda wonsewo? Unapuma kangati?"

"Sindinapume."

Achemwali anagwada pafumbi. Anaika khutu pachifuwa cha mwana. Lole inadutsa. Anadikira phokoso lithe, n'kumvetseranso. Anamutembenuza, kumvetsera kumsana. Nthawi yaitali. Ine ndinali chiweramire, manja m'maondo, chikwama cha mwana chikulendewera m'khosi.

"Ndilowe, azakhali."

"Ayi."

"Pang'ono chabe. Sinditsokomola. Ndikulonjeza."

"Ayi, mayi."

"Ndigwira mphuno."

Mkati wina anaitana. Anati mankhwala akhalitsa, mutu wayamba kuwotcha.

Achemwali anamukonza kolala. Anamukhudza tsitsi, n'kundiyang'ana ndi diso lomwe ndinalimva. Anadzuka. Maondo anali oyera ndi fumbi.

"Iwe," anatero kwa ine. "Mwana wachira. Mtenge."

Analowa. Tinamva loko akukhoma, masana, makasitomala ali mkati.

Bwana sanalire nthawi yomweyo. Anaima n'kuyang'ana chitseko. Anagogoda kawiri, mwaulemu. Kenako anayamba. Kulira kwenikweni, kochokera pansi pa mimba, kwakutali, kosadukiza. Ndinali ndisanamumvepo akulira choncho. Kale chifuwa chinkamudula pakati. Anthu anatuluka m'nyumba zawo kudzaona. Ndinamugwira dzanja. Analichotsa. Anayamba kuyenda yekha kubwerera kwathu, ine pambuyo.

Mpweya unamukwanira kulira njira yonse.